Kachirombo timakadziwa, nanga BP bwanji?

Funsani mwana wa sitandade 7 kulikonse m'Malawi muno njira zimene kachirombo ka HIV kamafalira, akuwerengerani pa zala osaphonya. Kenako funsani aphunzitsi ake kuti BP ya munthu wabwinobwino imayenera kukhala pa manambala ati. Ambiri angokanda kumutu. Chonsecho matenda awiriwa ndi ofanana m'zambiri. Onse amatha kukhala m'thupi zaka munthu osamva kupweteka paliponse, onse sachizika koma amagonja ku mapiritsi a tsiku ndi tsiku, ndipo onse amapha ukawalekerera. Chimene chinachititsa kuti ena tiwadziwe bwino, ena tizingowamvera m'maluwa, si kusiyana kwa nzeru za anthu ayi. Ndi kumene ndalama zinapita.

Edzi inapezeka koyamba m'dziko muno mu 1985, nthawi imene nkhani zotere sizinkakambidwa poyera. Pofika m'ma 1990 maliro anali atasanduka ntchito ya sabata iliyonse, ndipo okhoma mabokosi anadzaza m'mbali mwa misewu ya m'tauni. Zinthu zinayamba kutembenuka pamene bungwe la National AIDS Commission linakhazikitsidwa mu 2001. Mu 2004 pulezidenti Bakili Muluzi anaulula pagulu kuti mchimwene wawo anamwalira ndi Edzi, ndipo chaka chomwecho zipatala za boma zinayamba kupereka ma ARV aulere ndi thandizo la Global Fund. Uthenga unabwera ngati mvula ya mu Januwale: sewero la Tikuferanji pa wailesi, magulu a Edzi Toto m'sukulu, zikwangwani za Chishango, malo oyezetsera magazi a MACRO, zitenje, malaya olembedwa, misonkhano ya mafumu ndi abusa. Chilichonse mwa zimenezi chinali ndi wochilipira, kuphatikizapo ma alawansi aja amene ena anamangira nyumba. Tingawanene bwanji, koma uthenga unafika mpaka kumudzi kosapita galimoto.

Zipatso zake zikuoneka. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2020 ndi 2021 anapeza kuti mwa akuluakulu 100 alionse amene ali ndi kachirombo, 88 ankadziwa mmene alili, ndipo mwa odziwawo pafupifupi 98 pa 100 ankamwa mankhwala. Malawi ndiye anayamba, mu 2011, ndondomeko yopereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera wopezeka ndi kachirombo, ndipo maiko ena anadzatengera kwa ife.

Tsopano taonani BP. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo oposa 9 mwa 10 a iwo sankamwa mankhwala alionse. Kafukufuku wina wa pambuyo pake, wochitikira ku Karonga ndi ku Area 25 ku Lilongwe, anapeza chiwerengero chotsikirapo, komabe oposa theka la odwalawo sankadziwa n'komwe kuti akudwala. Ofesi yoona za matenda osapatsirana ku undunawu inatsegulidwa mu 2011, zaka 10 pambuyo pa bungwe la Edzi lija, ndipo sinakhalepo ndi thumba loyandikira n'komwe.

Pamene boma ndi mabungwe sanalankhule, anthu anadzipangira okha maphunziro. BP, amati, ndi matenda a mabwana odya zonona. Ena amati imabwera ndi maganizo, ndiye mwana akasiya kuvuta nayonso itha. Ambiri amamwa mankhwala tsiku limene mutu ukuwawa, akapeza bwino n'kuwaika pa windo. Ndipo bambo akagwa mwadzidzidzi m'munda, pakamwa n'kupindika, mkono n'kulefuka, achibale amayamba kukumbukira amene anakangana naye za malire chaka chatha. Sindiwaseka anthu amenewa. Munthu amene sanayezedwepo BP moyo wake wonse, n'kuona mbale wake wamphamvu atafa ziwalo m'kanthawi kochepa, aganiza chiyani? Kale Edzi nayo inkatchedwa kulodzedwa, kanyera kapena tsempho, mpaka pamene kuyezetsa kunafika pafupi ndipo anthu anaona ndi maso awo odwala akudzuka pa mphasa.

Kusiyana kwenikweni kumaonekera pa benchi ya chipatala chaching'ono. Wopezeka ndi kachirombo amakhala pansi ndi mlangizi, amauzidwa kuti abwere ndi womuyang'anira, amalembedwa pa khadi lakelake, ndipo akajomba tsiku lake pamakhala wina womuimbira foni kapena kumulondola kwawo pa njinga. Akakhazikika bwino amatha kulandira mankhwala a miyezi 6 nthawi imodzi. Mayi wa BP amaima pa mzere wa aliyense, pamodzi ndi a malungo ndi a chifuwa. Akalowa, adokotala amene aona kale anthu osawerengeka m'mawa womwewo amamumanga lamba pa mkono, ngati makina ali ndi mabatire, n'kulemba m'kabuku.

"Amayi, BP yanu yakwera. Muchepetse mchere, musamaganize kwambiri."

"Chabwino adokotala. Nanga mankhwala?"

"Amlodipine watha. Mukagule ku famase."

Mawu otsirizawo ndi amene amalekanitsa olemera ndi osauka. Ma ARV amagulidwa ndi ndalama za kunja ndipo ali ndi njira yawoyawo yofikira m'zipatala, n'chifukwa chake mlimi wa ku Nsanje ndi bwana wa ku Area 10 amameza piritsi lofanana. Mankhwala a BP amadutsa ku Central Medical Stores Trust, kumene zonse zimadalira bajeti ya boma ndi kupezeka kwa ndalama zakunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya ku famase nayo inakwera. Wa pa ntchito yokhala ndi inshuwalansi ya chipatala sanamve kanthu. Mayi wogulitsa tomato anawerengera ya minibasi, ya mankhwala ndi ya ufa, n'kuganiza zomamwa piritsi limodzi masiku awiri. M'kabuku mwake mudzalembedwa kuti samvera malangizo.

Ngakhale malangizo a mcherewo ali ndi mtengo wake. A WHO amati munthu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, kasupuni kamodzi kakang'ono. Koma pa banja la anthu 7 lozungulira kambale kamodzi ka bonya, mchere ndi umene umathandiza kuti ndiwo zochepa zitsitse nsima yambiri. Kuuza mayi wotere kuti achepetse mchere popanda kumufunsa kuti amadya chiyani n'kungotaya mawu. Palinso chipsera chimene Edzi yomweyo inatisiyira. Kwa zaka zambiri kuwonda kunali kudzipalira miseche, ndipo mpaka lero "mwanenepatu bwino" ndi moni wosangalatsa. Munthu wa BP akauzidwa kuti achepetse thupi amayamba waganiza zimene anzake a ku tchalitchi adzanong'onezane.

Komatu tisafulumire kunena kuti a kachirombo zawo zili bwino. Pali katundu amene iwo amasenza yemwe wa BP samudziwa. Pa maliro mayi amatha kunena mokweza kuti "BP yanga yakwera, ndipatseni mpando," anthu n'kumuchitira chifundo. Ndani anganene chomwecho za ma ARV? Alipo amene amasiya chipatala cha pafupi n'kukwera minibasi kukalandirira mankhwala kutali kuti asakumane ndi oyandikana nawo nyumba, ena amakhuthulira mapiritsi m'botolo lina, ndipo abambo ambiri amafikabe mochedwa, thupi litafooka kale. Kudziwa njira zonse zofalira kachirombo sikunathandizenso kwenikweni mtsikana amene fizi yake ikulipiridwa ndi bambo wamkulu. Ndiponso kuika Edzi patsogolo sikunali kulakwa. Ndi matenda opatsirana, ankapha makolo a ana aang'ono, aphunzitsi ndi anamwino amene, ndipo dziko likanatha. Vuto langa ndi lakuti nyumba yokongolayi inamangidwa ndi ndalama za eni, zoposa 90 pa 100 zilizonse. Boma la America litaimitsa thandizo lake la kunja mu Januwale 2025, ena mwa alangizi ndi olondola odwala aja anauzidwa kuti akhale kaye kunyumba, ndipo amene anazolowera kuti mankhwala sasowa anayamba kulawa nkhawa imene wa BP wakhala nayo zaka zonsezi.

Chodabwitsa n'chakuti masiku ano odwala awiriwa nthawi zambiri ndi munthu mmodzi. Amene anayamba ma ARV mu 2005 ali ndi zaka 30 tsopano wapitirira zaka 50, msinkhu umene BP ndi shuga zimakonda. Amalowa chitseko china n'kutuluka ndi mabotolo a theka la chaka, kenako amalowa chitseko chachiwiri pa chipatala chomwecho n'kutuluka ndi kapepala kokagulira. Ku Neno anayesa kugwetsa khoma limeneli. Kuyambira mu 2015, boma pamodzi ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo anaphatikiza kiliniki ya ma ARV ndi ya BP, shuga, mphumu ndi khunyu, kuti onse azionedwa tsiku limodzi, ndi anthu omwewo, ndipo wojomba aliyense azilondoledwa. Wa BP anapeza chisamaliro chimene kale chinali cha a kachirombo okha, ndipo wa kachirombo anapeza pobisala, poti woona mzerewo sangadziwe kuti uyu wadzera chiyani. Komabe Abwenzi Pa Za Umoyo ndi nthambi ya Partners In Health, bungwe la ku Boston, ndipo Neno ndi boma limodzi mwa maboma 28.