Timu ikatsitsidwa kuchoka pa 'varsity' kupita pa 'club'

Mu March 2021, mumzinda wa St. Louis ku America, wophunzira wa pa yunivesite ya Stanford, Shane Griffith, adapambana mpikisano wa dziko lonse wa masewero ogwetsana a wrestling. Adalowa m'bwalo atavala chovala chakuda chopanda chizindikiro cha sukulu yake, ndipo adachita dala. Miyezi isanu ndi itatu m'mbuyomo, akuluakulu a Stanford adali atalengeza kuti timu yake ichotsedwa pa mndandanda wa matimu a varsity.

Kuti munthu amvetse mkwiyo wa mnyamatayu, ayenera kudziwa kuti m'sukulu za ukachenjede za ku America masewero ali m'magulu awiri osiyana kwambiri.

Timu ya varsity ndi ya sukulu. Sukulu ndiyo imalemba ntchito makochi, imagula zipangizo, imalipira maulendo ndi chithandizo cha ovulala. Makochi amasaka osewera aluso akadali kusekondale, ndipo ena mwa osewerawo amawalipirira fizi yonse kapena gawo lake. Ambiri mwa matimuwa amapikisana pansi pa bungwe la NCAA, lomwe lidayamba mu 1906 ndipo kuyambira 1973 lili ndi zigawo zitatu. M'chigawo chachitatu, Division III, palibe amene amalipiriridwa fizi kaamba ka masewero.

Timu ya club ndi ya ophunzira eniake. Amasankha okha atsogoleri, amasonkha ndalama za umembala, amapempha thandizo kwa akufuna kwabwino, ndipo nthawi zambiri amadzifunira okha kochi ndi galimoto. Sukulu imaponyapo kangachepe ndi kuwabwereka bwalo. Izi sizitanthauza kuti ndi masewero achibwana: m'mayunivesite ambiri rugby ya amuna imaseweredwa pa club, ndipo amalimbana ndi sukulu zina zolimba. Komatu mwana wa mmphawi amene adayembekezera kuti luso lake limulipirira maphunziro sapeza kanthu kumeneko.

Apa mpomwe padagona nkhani ya ku Stanford. Pa 8 July 2020, mliri wa Covid-19 uli mkati, sukuluyi idati mwa matimu ake 36 a varsity ichotsapo 11, kuphatikizapo volebo ya amuna, squash, fencing, hockey ya pabwalo ndi kupalasa mabwato. Osewera oposa 240 ndi makochi 22 ndiwo adakhudzidwa. Akuluakuluwo adati thumba la zamasewero lidali litaperewera kale ndipo mliriwo udangoonjezera vutolo. Adalonjeza kupitiriza kulipirira amene adali kale pa thandizo la fizi, nati matimuwo atha kumasewerabe ngati a club.

Kwa osewerawo, mawu amenewa adali owawa. Timu ya wrestling ya club singalowe mpikisano wa NCAA, ndipo mnyamata waluso sangasankhe sukulu yopanda timu yoti ikamufikitse patali. Ambiri zidawavutanso kukhulupirira kuti Stanford, imodzi mwa sukulu zolemera kwambiri padziko lapansi, ingalephere kusunga matimu amene adatulutsa mamendulo 27 a Olympics. Chifukwa chake sichovuta kuchiona: ndalama zambiri zimachokera ku mpira wa chiAmerica ndi basiketibo ya amuna kudzera m'makontrakiti a wailesi za kanema, ndipo masewero enawo amangodalira zotsala. Lamulo la Title IX la 1972 limakakamizanso sukulu kupereka mwayi wofanana kwa amuna ndi akazi, choncho kuchotsa timu imodzi kumakhudza kawerengedwe ka ena onse.

Ophunzira akale adapanga gulu lotchedwa 36 Sports Strong, adasonkhetsa malonjezo a madola mamiliyoni ochuluka, ndipo osewera ena adakamang'ala kukhoti. Pa 18 May 2021, patangotha miyezi iwiri Griffith atapambana, Stanford idabweza ganizo lake ndipo matimu onse 11 adakhalabe pa varsity.