Manja Ojambula Mapiri ndi Nyumba Zowalera

Aliyense amene anaonapo phiri la Mulanje m'mamawa, pamene nkhungu ikukwera kuchoka m'minda ya tiyi ndi kuphimba nsonga ya Sapitwa, imene kutalika kwake ndi mamita 3,002, adziwa kuti mmisiri wofuna kuika ulemerero wotere pansalu asenza mtolo wolemera, pakuti kuwala kumene wayamba kukutsata ndi burashi kumakhala kutasandulika utoto usanaume.

Koma luso lokha silidyetsa mwini wake. Penti ndi wodula, ndipo mnyamata wosadziwika, ngakhale dzanja lake likhale lodalitsika chotani, amathera m'mbali mwa msewu, kumene alendo amatsitsa mtengo kufikira iye atazolowera kujambula ngalawa yomweyo ndi dzuwa lolowa lomwelo tsiku ndi tsiku. Apa mpamene nyumba zoonetseramo zithunzi zimaombola. Ku Blantyre, m'nyumba ya Mandala yomangidwa mu 1882, muli La Caverna, mmene chithunzi chimapachikidwa pakhoma mwaulemu pamodzi ndi dzina la mwini. Nyumba zotere zimatengako gawo la mtengo chikagulidwa, ndipo gawolo, tinene zoona, amisiri ambiri amaling'ung'udzira.

Ku Mua, m'boma la Dedza, Bambo Claude Boucher a ku Canada, amenenso anali katswiri wa utoto wosungunula ndi madzi, anakhazikitsa malo a zaluso otchedwa Kungoni mu 1976, podziwa kuti m'mera mpoyamba. Ndipo ngakhale malowo anatchuka koposa ndi zosemasema, anaphunzitsanso achinyamata a m'midzi yozungulira kugwira burashi ndi kupeza nayo chakudya.