Zoyenera kukhala m'thumba potuluka pakhomo ku Lilongwe

Kwathu kunyanja, kaya ndi ku Mangochi, Salima kapena Nkhotakota, munthu amatha kutuluka m'nyumba chimanjamanja. Akadwala panjira, anthu amadziwa kuti ndi mwana wa uje. Ndalama ya sopo ikaperewera, wagolosale amamukongoza. Abale athu okhala ku Kawale, Biwi, Chinsapo ndi Mgona adzakuuzani kuti ku Lilongwe sizili choncho: kumeneko mboni ya munthu ndi zimene wanyamula. Ndiye mwana kapena mayi akamapita kukacheza mumzindawu, tisamangomupatsa usipa wa abale, timuuzenso zoika m'thumba akamatuluka pakhomo.

Choyamba ndi chiphaso cha unzika, chija ambiri tinalembetsa ku bungwe la NRB mu 2017, chimene aliyense wa zaka 16 kupita m'tsogolo ayenera kukhala nacho. Kubanki amachifuna, polembetsa nambala ya foni amachifunanso. Ambiri amachibisa pansi pa matiresi poopa kutaya, ndipo mantha awo ndi omveka, chifukwa kupeza china ndi ulendo wa kupolisi, kenako mizere ya kuofesi. Koma chiphaso chogona kunyumba sichingathandize munthu amene wagwa pa kabaza ku Area 25 ndipo sakutha kuyankhula. Ife tikuti chinyamulidwe, kungoti chisakhale m'kachikwama kamodzi ndi ndalama. Wopisa m'matumba kudepoti kapena mumsika wa Tsoka amafuna ndalama basi. Chiphaso chimapita nawo chifukwa choti zinali pamodzi.

Foni palibe amene amaiwala. Chimene timaiwala n'chakuti batire limatha, makamaka magetsi akagona osayaka, ndipo ndi ochepa masiku ano amene amasunga nambala pamtima. Foni ikazima kapena ikabedwa, nambala za abale zapita, ndalama za pa Airtel Money kapena Mpamba simungazifikire msanga. Mankhwala ake ndi kapepala. Lembanipo nambala ziwiri, ya m'bale wa mumzinda ndi ya kumudzi, komanso dzina la siteji imene mumatsikira. Ku Chinsapo kapena ku Area 23 nyumba siipezeka ndi nambala. Imapezeka ndi siteji, chigayo, mjigo kapena mzikiti umene yayandikana nawo. Mlendo amene wangoloweza kuti "kwa amalume ku Chinsapo" dzuwa likhoza kumulowera akuzungulira.

Ndalama zikhale zing'onozing'ono. Kupereka K5,000, ija inatuluka mu 2022, kwa kondakitala m'mamawa ndi kudziitanira mkangano wa chenje. Ya minibasi yobwererera ikhale payokha, ndipo isakhudzidwe ngakhale kaunjika atakoma bwanji.

Amayi oyembekezera, a ana aang'ono, ndi aliyense womwa mankhwala a shuga kapena BP asasiye buku la kuchipatala kumudzi. Dokotala wa ku Bwaila kapena pachipatala cha Kawale sakudziwani. Zimene analemba anzake ku Mangochi ndi zimene zingamuuze mankhwala amene mukumwa ndi amene thupi lanu limakana. Popanda bukulo amayambira pachiyambi, ndipo nthawi imapita.

Amayi akwathu amatiposa pa chinthu chimodzi: satuluka opanda chitenje chapadera m'chikwama. Chimabereka mwana, chimatchinga fumbi la mu Okutobala, chimamanga tomato ndi kabichi, makamaka pano pamene majumbo opyapyala analetsedwa. Nthawi ya Swala ikawapeza ali pamzere kuchipatala, kutali ndi mzikiti, amayala chomwecho pamalo oyera. Abambo ambiri, kunena zoona, amangodalira matumba a thalauza, ndipo kabotolo ka madzi akumwa kapena otawazira kamapezeka m'chikwama cha mayi.