Wa ku Chama ndi Chipwitikizi: zimene timauzana asananyamuke

Kuchokera ku Chama kukafika ku Tete ndi ulendo wautali koma wosasocheretsa: Lundazi, Chipata, Katete, malire a Chanida, kutsidya kwake n'ku Cassacatiza. Chifukwa cha kuyandikanaku, mwana wa kwathu akapeza mwayi wokachita kafukufuku ku Mozambique, achibale amamulimbitsa mtima kuti, "Kumeneko n'kwathu komwe, Chinyanja chikakukwanira." Mawuwa ali ndi choonadi pang'ono, n'chifukwa chake amapusitsa ambiri.

Ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, ndiponso m'mbali mwa nyanja ku Niassa, anthu amayankhuladi Chinyanja. Ku Ulónguè kuli nthambi ya zaulimi ya yunivesite ya UniZambeze, ndipo wophunzira wa ku Chama wofufuza za chimanga kapena mbatata ya kachewere akhoza kukhala pakhonde ndi alimi tsiku lonse popanda womasulira. Mnzake wochokera ku Maputo sangathe zimenezo. Ngakhale amene anayamwira Chisenga, Chinyanja n'kuchitolera kusukulu ndi kumsika, ali ndi mwayi umenewu. Koma akatsikira mumzinda wa Tete apeza Chinyungwe, ku Beira Chisena ndi Chindau, ku Maputo Chichangana ndi Chironga. Ndipo asanafunse mlimi funso ngakhale limodzi, ayenera kuonetsa ku ofesi ya boma kalata yomuloleza kufufuza, imene kumeneko amati credencial. Kalatayo imalembedwa m'Chipwitikizi, woidinda adzafunsa mafunso ake m'Chipwitikizi, ndipo akakhutira m'pamene amamutumiza kwa mfumu ya deralo. Zoyamba kukaonekera kwa mfumu n'zosadabwitsa kwa munthu wokulira m'dziko la a Kambombo kapena a Chikwa. Chachilendo ndi chiyankhulo cha pa desiki.

Ena amaopa mbali inayo. Amati anthu onse a ku Mozambique anabadwa nacho Chipwitikizi, ndiye akamva mlendo akuchithyola amuseka. Kalembera wa mu 2017 anasonyeza kuti amene Chipwitikizi ndi chiyankhulo chawo choyamba ndi pafupifupi munthu mmodzi mwa 6 alionse. Enawo, ngati amachidziwa, anachiphunzira kusukulu ndi m'tauni, monga ife tinaphunzirira Chingerezi. Mayi wogulitsa matimati amadziwa kuwawa kwa kusowa mawu, ndipo kawirikawiri amadikira mpaka mlendo amalize chiganizo chake.

Nanga zoti munthu wamkulu lilime linauma kale? Sindizivomereza. Chovuta chilipo: dzina la chinthu chilichonse ndi lachimuna kapena lachikazi, ndipo mneni amasintha mathero malinga ndi wochita ndi nthawi. Koma munthu amene amati "mwana wanga", "chingwe changa", "mabuku anga" osalakwitsa, mutu wake unazolowera kale kugwirizanitsa mawu. Chimene chimagwetsa ambiri ndi khutu. Kuwerenga kumabwera msanga chifukwa mawu ambiri a sayansi amafanana ndi a Chingerezi, koma kondakitala wa chapa, minibasi ya kumeneko, akatchula mtengo mothamanga, zonse za m'buku zimabalalika. N'chifukwa chake ndimati manambala aphunziridwe poyamba, munthu asanayambe kuvutika ndi galamala.

Palinso amene amaika Duolingo pafoni n'kumati akonzeka. Pulogalamuyi imaphunzitsa Chipwitikizi cha ku Brazil, pamene cha m'sukulu za ku Mozambique chimatsatira kwambiri cha ku Portugal, n'kuonjezapo mawu akeake. Akamvana ndithu, koma katchulidwe kadzamusokoneza masabata oyamba. Wofuna satifiketi adziwenso kuti mayeso a Celpe-Bras ndi a ku Brazil, a CAPLE ndi a ku Portugal, ndipo afunse yunivesite yake kuti ikufuna ati.

Za mapepala ndinene mwachidule. Kuwoloka pa Chanida kukacheza masiku ochepa n'kosiyana ndi kukakhala chaka ukuphunzira. Wophunzira amafunika kukhala ndi viza ya maphunziro, ndipo wokhalitsa amafunikanso kukhala ndi chitupa chokhalira m'dzikolo chochokera ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka. Chitupachi achilongosole masiku amene anamudindira asanathe.

Nkhawa ya amayi kunyumba imakhala pa chakudya, koma apa mtima ukhale pansi. Nsima ilipo, amaitcha xima. Chigwada chotendera chilipo, kummwera amathiramo kokonati n'kuchitcha matapa. Mpunga uliponso, ngakhale wa ku Chama adzaupeza wosanunkhira ngati wakwawo. Dzuwa la ku Tete mu Okutobala silingaopse munthu wa m'chigwa cha Luangwa. Chimene chingamudzidzimutse ndi chisanu cha ku Angónia mu Juni, choncho asaiwale bulangete. Chimene chimaondetsa wophunzira n'china. Munthu amene kwawo anali katakwe m'kalasi amapezeka wakhala duu, anzake akuseka nthabwala imene iye waimva itadutsa kale. Akatopa amadzitsekera m'chipinda n'kumacheza pa WhatsApp ndi a kwawo mpaka usiku, ndipo miyezi imatha lilime lisanamasuke. Amene amagona nyumba imodzi ndi eni dziko, kupita kutchalitchi ndi kumpira, n'kulola kuti amukonze akalakwitsa, amayamba kuyankhula msanga.

Chikhulupiriro chimene chimandiwawa kwambiri n'choti Chingerezi n'chokwanira kwa wofufuza, Chipwitikizi n'chogulira ndiwo basi. Aphunzitsi ambiri a pa yunivesite ya Eduardo Mondlane amawerenga Chingerezi, inde, koma maphunziro ambiri, misonkhano ndi malipoti a boma zili m'Chipwitikizi. Kwa ife a m'chigwa nkhaniyi ndi yozama kuposa pamenepo. Mu 1798 Francisco de Lacerda ananyamuka ku Tete, nawoloka Luangwa, mtsinje womwewu wodutsa m'boma lathu, n'kukafera m'dziko la Kazembe chaka chomwecho. Mu 1831 José Monteiro ndi António Gamitto anayendanso ulendo wonga womwewo, ndipo Gamitto analemba buku lotchedwa O Muata Cazembe, limene linatuluka mu 1854, lofotokoza za Amaravi, Achewa, Abisa, Abemba ndi Alunda. Analemba ndi maso a msilikali wa mfumu ya ku Portugal, choncho amafunika womuwerenga wodziwa miyambo ndi mayina a malo, amene angaone pamene mlendoyo anamva molakwika. Ian Cunnison anamasulira bukuli m'Chingerezi mu 1960, koma makalata ndi malipoti ochuluka a akuluakulu a ku Tete ndi ku Zumbo akali m'Chipwitikizi, m'nyumba yosungira zakale ya Arquivo Histórico de Moçambique ku Maputo ndi ya Arquivo Histórico Ultramarino ku Lisbon. Ndikufuna kuona mwana wa ku Chama atakhala pa tebulo m'nyumba zimenezi akudziwerengera yekha.