Chaka cha Francis Xavier Woyera ku Goa

Dera la Goa, m'mphepete mwa nyanja kumadzulo kwa India, limadzaza ndi alendo okaona malo mvula ikangotha. M'nyengo yomweyi, akhristu a kumeneko amakumbukira Francis Xavier Woyera, wansembe wa chipani cha Ajezuiti, amene adafika ku Goa mu 1542 nadzamwalira pa 3 Disembala 1552 pachilumba cha Shangchuan, kugombe la China.

Thupi lake limasungidwa m'tchalitchi la Bom Jesus ku Old Goa. Akhristu amayamba ndi novena, ndipo pa 3 Disembala pamakhala Misa yaikulu. Kamodzi pa zaka 10 zilizonse thupilo amapita nalo ku Se Cathedral kuti anthu alione ndi kupemphera. Mwambowu udachitika komaliza kuyambira pa 21 Novembala 2024 mpaka pa 5 Januwale 2025. Ngakhale Ahindu amabwera.

Pakati pa malonda ndi makamera, n'chapafupi kuiwala cholinga cha chakachi. Choncho ife, makamaka akatekisiti, tiyenera kuphunzitsa momveka bwino: sitipembedza thupi la munthu. Timapembedza Mulungu yekha, ndipo timalemekeza mtumiki wake, nkhoswe ya mamishoni, kuti nafenso tilalike Mthenga Wabwino.