Yclept

Yclept ndi mawu a Chingerezi chakale amene amatanthauza "wotchedwa" kapena "wodziwika ndi dzina lakuti". Amatchulidwa kuti "i-klept", ndipo m'mabuku ena amalembedwa *ycleped*. Anthu analeka kalekale kuwagwiritsa ntchito polankhula, koma olemba mabuku anawasunga mwadala.

Chiyambi

Mawuwa anachokera ku mneni *cleopian* wa Chingerezi chakale kwambiri, amene ankatanthauza kuitana kapena kutchula dzina. Pambuyo pake mneniyu anasanduka *clepe*. Chilembo cha *y-* ndi chotsalira cha phatikizo lakale *ge-*, limene linkaikidwa kumayambiriro kwa mneni posonyeza chinthu chimene chachitika kale. Chijeremani ndi Chidatchi zikadali nalo phatikizoli. M'Chingerezi linafupika pang'onopang'ono mpaka linatha, koma linasiya zizindikiro m'mawu monga *enough* ndi *handiwork*.

Kagwiritsidwe ntchito m'mabuku

M'nthawi ya Geoffrey Chaucer, yemwe anamwalira mu 1400, awa anali mawu wamba. Patatha zaka pafupifupi 200 phatikizo la *y-* linali litaleka kumveka pakamwa pa anthu. Edmund Spenser analibwezeretsa m'ndakatulo zake, monga *The Faerie Queene* ya mu 1590, kuti zizimveka ngati za makedzana. John Milton nayenso anagwiritsa ntchito mawuwa mu *L'Allegro*, yomwe inasindikizidwa mu 1645, potchula dzina la Euphrosyne, mulungu wamkazi wachisangalalo wa Agiriki.

William Shakespeare anawatengera kwina. M'sewero la *Love's Labour's Lost*, lomwe linasindikizidwa mu 1598, anawapatsa Don Armado ndi mphunzitsi Holofernes, anthu awiri okonda kudzionetsera ndi mawu ovuta. Cholinga chinali chakuti oonerera awaseke.

Masiku ano

Njira ya Shakespeare ndi imene inapitirira. Wolemba wamakono akasankha *yclept* m'malo mwa mawu osavuta, nthawi zambiri amakhala akuchita nthabwala kapena akunyodola munthu wodzikuza. N'chifukwa chake madikishonale ambiri amawaika m'gulu la mawu akale kapena oseketsa. Wowerenga amene wakumana nawo ayenera kuona nthawi imene bukulo linalembedwa komanso amene akulankhula, chifukwa mawu amodzimodziwo akhoza kulemekeza dzina kapena kuliseka.