Kasitima ka Malasha ka Cipatala ca Whittingham

Ife amene tinakula tikumva kulira kwa sitima za malasha tinazolowera kuganiza za injini zikuluzikulu zokoka mabogi a mkuwa. Koma kunalinso tiinjini tating'ono timene nchito yake inali kukankha ndi kukoka mabogi pa njanji zazifupi, ndipo tina mwa ito tinali ta zipatala za boma.

Ku England, m'zaka za m'ma 1800, zipatala za odwala misala zinkamangidwa kutali ndi mizinda. Ena ankati mpweya wa kumidzi umaciritsa; ife tiona kuti anthu ankafunanso kuti odwalawo asamaoneke. Cimodzi mwa izo ndi ca Whittingham, pafupi ndi Preston m'cigawo ca Lancashire, cimene cinatsegulidwa mu 1873. Pofika 1939 munali odwala oposa 3,500. Umenewo ndi mudzi wathunthu! Kuti anthu onsewo aphikiridwe, acapiridwe zovala, ndi kufunditsidwa m'nyengo ya cisanu coopsa ca kumeneko, panafunika malasha ambirimbiri. Poyamba ankabwera pa ngolo za akavalo, ndipo mtengo wake unali wolemetsa.

Motero akuluakulu a cipatala anayala njanji yaoyao, ya mtunda wa pafupifupi mamailosi awiri, kucokera pa siteshoni ya Grimsargh. Inayamba kugwira nchito mu 1889. Injini yoyamba inapangidwa ndi kampani ya Andrew Barclay ya ku Kilmarnock, ku Scotland, ndipo yaciwiri inacokera komweko mu 1904. Sitima ya njanji yaikulu inkasiya mabogi a malasha ndi zakudya pa Grimsargh, kainjini ka cipatala n'kuwatenga.

Cimene catikhudza kwambiri ndi ici: kasitimako kankanyamulanso anthu, ndipo kukwera kunali kwaulere. Anamwino ndi anchito ena ankakwera, komanso abale obwera kudzazonda odwala. Taganizani, awerengi, mai wosauka amene mwamuna wake watsekeredwa zaka khumi. Mtunda womaliza uja, umene akanauyenda pansi m'mvula, sanaulipire kanthu. Ngakhale pamene sitima za anthu zinaleka kuima pa Grimsargh mu 1930, ka cipatala kanapitirizabe, kakudikira ofika pa basi. Ulemerero munalibe: nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itatha, anthu ankakhala m'mabogi amene kale anali onyamula ng'ombe, atawakonza ndi kuikamo mipando.

Injini zitakalamba, cipatala sicinagulenso zatsopano. Mu 1947 cinagula yakale kwa kampani ya Southern Railway, yomwe inali itagwira kale nchito zaka zoposa makumi asanu. Koma malole ndi mabasi anali atayamba kulanda nchitoyo, ndipo mu June 1957 kasitimako kanayenda ulendo wake womaliza. Cipatala ceniceni cinatsekedwa mu 1995.